Msilikali ali ku Congo musamamuimbire za ndalama zokha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere chibwerereni asilikali athu amene anali ku Goma ndi ku Sake m'dziko la DR Congo. M'maminibasi a ku Chilomoni, kometetsa tsitsi, ngakhale pamaliro anthu akamawotha moto usiku, msilikali wopita kunja amakambidwa m'njira ziwiri basi. Ena amati wapita kukafa. Ena amati wapita kukatola madola, akabwera agula poloti ku Chileka ndi kagalimoto kake. Onsewa akunena zoona pang'ono, koma pakati pa imfa ndi madolapo pali miyezi yambiri imene palibe amaifunsa. Ine ndinavalapo yunifolomu, ndinapuma ndili sajeni, ndipo ndinali m'gulu lina lomwe linakagwira ntchito yosungitsa mtendere kudera la Beni pa nthawi imene Ebola inali itavuta kumeneko. Ndikufuna ndinene za miyezi imeneyo, chifukwa amene amaipeputsa kapena kuilemeretsa ndi abale a kuno kumudzi, ngakhale eniakewo sadziwa.

Asilikali a Malawi akhala ali kum'mawa kwa Congo kuyambira 2013, pamene bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu la Force Intervention Brigade pansi pa MONUSCO, ntchito yake yosungitsa mtendere m'dzikomo, ndipo m'gululi munali ife, a Tanzania ndi a South Africa. Gululi linapatsidwa mphamvu zosaka zigawenga, osati kungoima pakati n'kumaleretsa. Nkhondo ilikodi, sindikubisa. Mu Novembala 2018 tinataya anzathu 6 m'nkhalango za kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania yemwe anavulala, ndipo mu Meyi 2019 mkulu wa UN, António Guterres, anapereka kwa mkazi wake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima kwapadera. Ife tinafika malirowa akadali pakamwa pa aliyense, tikuganiza kuti kuzilira mfuti tsiku ndi tsiku. Tinapeza kuti masiku ambiri sikuchitika kanthu, ndipo kusachitika kanthuko kuli ndi ululu wakewake.

Tsiku la kukampu limayamba kusanache. Aliyense amakakhala pamalo pake ndi mfuti, maso kutchire mpaka kuyere, chifukwa mdani amakonda mbandakucha. Kukayera bwinobwino mumatsika. Pelete, kuwerengana, kupukuta mfuti yomwe munaipukuta dzulo ndipo simunaiombe. Tiyi. Amene ali pandandanda wa patirolo amakwera magalimoto, otsala n'kumadzaza mchenga m'matumba, kukonza ngalande zomwe mvula yagumula usiku, kutchetcha udzu kuti usabise munthu pafupi ndi waya. Ikamati 10 koloko m'mawa ntchito yooneka ndi maso yatha, koma tsiku likadalipo lonse. Ndipo dzulo linali lomweli, mawa lidzakhala lomweli. Pakapita nthawi Lachiwiri ndi Loweruka sizisiyananso, munthu umazindikira kuti ndi Lamulungu ukamva kwaya ikuyeserera kuseri kwa tenti yodyera.

Mvula ya kumeneko si yathu ino yoti Epulo akafika tapuma. Imagwa pafupifupi chaka chonse. Matope ake amamatirira kujombo mpaka mwendo kulemera, masokosi ochapa Lolemba Lachitatu akadali onyowa, ndipo zala za kumapazi zimasupuka munthu akachita nazo ulesi. Kum'mawa kuli mapiri a Rwenzori, koma nthawi zambiri amabisala m'mitambo. Tsiku lomwe aonekera, kampu yonse imatuluka ndi mafoni kukajambula, anyamata a ku Phalombe ndi ku Mulanje n'kuyamba kutsutsana ndi anzawo kuti phiri la kwawo ndiye lokongola kuposa. Mkangano umenewo unkatha ola lathunthu, ndipo ife akuluakulu tinkausiya dala, chifukwa ola limenelo linali litapita popanda munthu kuganiza zambiri.

Chovuta kwenikweni ndi gadi ya usiku. Umaima kuseri kwa matumba a mchenga, chipewa chachitsulo kumutu, jekete yolemera ija itakupana pachifuwa, thukuta likutsikira mumsana ngakhale kuli mvula. Fodya ayi, foni ayi, kuyankhula ndi mnzako monong'ona basi. Kutsogolo kuli mdima wa nkhalango, achule ndi nkhululu zikusokosera mpaka makutu kuzolowera, ndipo phokosolo likangoti zii mtima umadumpha. Mphindi zoyamba maso amagwira ntchito. Kenako maganizo amanyamuka ulendo wa kumudzi. Chinthu chimodzi chimene anthu sadziwa n'chakuti nthawi ya ku Beni ndi ya kuno n'chimodzimodzi. Wotchi ikati 7 koloko madzulo, umadziwa kuti ku Nthukwa mayi a ana akupakula nsima, wamng'ono uja akukana ndiwo zamasamba. Ikati 10 koloko umadziwa kuti akhoma chitseko, n'kuyamba kudzifunsa ngati loko wa kumbuyo uja anakonzetsa. Ikati 2 koloko usiku palibenso chabwino chomwe mutu umapanga. Ngongole, matenda a mayi, mawu amene mkazi wako ananena mwachidule pafoni masana, zonse zimabwera n'kuima nawe pamalopo.

Ebola inawonjezera. Matendawa analengezedwa ku North Kivu mu Ogasiti 2018 ndipo anatha mu Juni 2020. Pageti panali ndowa ya madzi a kolorini ndi kachipangizo koyezera kutentha pachipumi. Moni wa pamanja unaletsedwa, ndipo kwa Mmalawi zimenezo si zapafupi, tinkangogundana zigongono n'kumaseka. Kutuluka kunali kwa ntchito basi, kukwera galimoto, kuyenda msewu wa ku Mbau kapena ku Eringeti, kubwerera. Ana a m'mbali mwa msewu amakuwa kupempha mabisiketi, amayi asenza nthochi ndi zigubu za mafuta a kanjedza, anyamata a njinga zamoto akuzemba maenje, iwe n'kumangoonera zonsezi uli pamwamba pa chigalimoto chachitsulo. Ukabwerera umalowanso m'waya muja. Tinali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo nthawi ya dzinja: udzu ulipo wokwanira, koma chingwe n'chomwecho, bwalo lake n'lomwelo.

Ndiye munthu amapeza zochita. Bawo ndiye anatisunga. Mnyamata wina wodziwa za ukalipentala anagoba maenje pathabwa lochokera kubokosi la katundu, nkhomo zake timiyala ta mumsewu, ndipo pasanathe sabata panali ligi yokhala ndi ndandanda wolembedwa pakatoni. Kopolo wina wa ku Mangochi ankadya aliyense, mabwana omwe, mpaka anthu anayamba kunena kuti ali ndi mankhwala. Madzulo mvula ikalola kunali mpira pabwalo lopendekeka, gulu ili ndi gulu ilo, wogonja kutsuka mapoto. Koma tsiku lalikulu linali la Bullets ndi Wanderers. Anthu amasonkhana pamalo pomwe netiweki imagwira, foni imodzi yolumikiza kuwailesi ya kuno kudzera pa intaneti itaikidwa m'kapu yachitsulo kuti mawu akwere. Woulutsa akangoti mpira uli m'bokosi, netiweki n'kuduka. Anthu akuluakulu, ena a ndevu zaimvi, kuimirira, kukweza foni m'mwamba, kuitembenuza uku ndi uku. Ikamabwerera chigoli chalowa kale, osadziwa kuti chalowa mbali iti mpaka wina alandire uthenga kuchokera ku Kamuzu Stadium. A Maule ndi a Manoma amanyozana mpaka usiku, a ku Lilongwe n'kulowererapo kukumbutsa onse kuti Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016. Masana amenewo palibe ankakumbuka kuti ali ku Congo.

Za chakudya ndikanena anthu akuno amandiseka. Kunali mpunga, nkhuku za m'firiji, supageti, tchizi, juwisi wa m'mapaketi, zinthu zoti kuno timadya pa Khirisimasi. Mwezi woyamba munthu amajambula mbale n'kutumiza kunyumba. Mwezi wachitatu amaiyang'ana nkhukuyo n'kumalakalaka bonya wa tomato mmodzi, nkhwani wotendera, therere. Anzathu a ku Tanzania ankatiitana ku ugali wawo, wolimba kuposa nsima yathu, ndipo kumeneko n'komwe ambiri tinatolako Chiswahili. Anthu a ku Congo amaphika chigwada ndi mafuta a kanjedza, amachitcha sombe, ndipo n'chokoma, koma si chigwada cha amayi ako. Wophika wathu wina, bambo wofatsa wa ku Dedza, anafesa mpiru ndi bonongwe kuseri kwa khitchini, m'zitini ndi m'matayala akutha. Tsiku lomwe anathyola koyamba, aliyense analandira kachipande kamodzi, anthu n'kumadya mwakachetechete, ena kupempha msuzi wokha. Ndinaonapo akuluakulu akubwera pandege kudzatilimbikitsa ndi mawu abwino, ndipo tinkayamikira, koma kadimba kaja kanakweza molalo kuposa zoyankhula zonse.

Kunyong'onyeka kukakula kumaoneka. Anthu ogona tenti imodzi, amene angaferane kutchire, amatukwanizana chifukwa cha tchaja kapena sopo. Njuga imayamba ya mabisiketi n'kuthera pa ndalama zomwe munthu sanalandire n'komwe. Wina yemwe ankaseketsa anthu amangoti duu, kudya payekha, kugona chovala. Koma choopsa kuposa zonse ndi mlonda yemwe wayang'ana tchire lomwelo kwa miyezi osaona kanthu, mpaka mumtima n'kutsimikiza kuti mulibe kanthu. Maso ali potseguka koma sakuonanso. N'chifukwa chake ife masajeni timadedwa. Timauza anthu kuti agumule khoma la matumba lomwe lili bwinobwino n'kulimanganso, athamange kuzungulira kampu, ayeserere kunyamula wovulala kachikhumi. Anyamata amang'ung'udza kuti mdala uyu alibe chochita. Amanena zoona, chochita panalibedi, ndipo ntchito yanga inali kuchipeza iwo asanapeze chawo. Munthu wotopa thupi amagona. Munthu wotopa ndi kukhala sagona.

Pamwamba pa zonsezi pali funso limodzi lomwe limafunsidwa m'mawa, masana ndi usiku: tinyamuka liti? Aliyense ali ndi kalendala yake, ena amakhwatcha pakatoni, ena pachipupa cha tenti. Mphekesera zake zimabadwa kukhitchini n'kufika kugeti zitakula. Akuti ndege yapezeka. Akuti otilowa m'malo akadali ku maphunziro. Akuti awonjezera mwezi. Msilikali amapirira chilichonse chokhala ndi tsiku lothera, koma tsikulo likangosuntha, ngakhale pa zifukwa zomveka, mumaona mapewa a anthu akugwa. N'chifukwa chake chaka cha 2025 mtima wanga unali kwa anyamata a SAMIDRC, gulu la SADC lomwe linapita kumeneko mu Disembala 2023. Mu Januwale 2025 anataya anzawo 3 polimbana ndi zigawenga za M23, mzinda wa Goma unalandidwa, bwalo la ndege linatsekedwa. Mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analamula kuti ayambe kukonzekera kubwerera, pa 13 Malichi SADC inathetsa ntchitoyo, koma magalimoto oyamba anadzayamba kutuluka kumapeto kwa Epulo, kudutsa ku Rwanda kupita ku Tanzania. Kuno anthu ankawerenga nkhanizi n'kunena kuti basi zatha, akubwera. Ine ndinkawerenga masabata ali pakatiwo, anthu atakhala m'kampu, anzawo atafa, maso ali kunjira.

Tsopano ndifike pa foni, chifukwa ndi imene yandilembetsa kalatayi. Agogo athu a King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, anamenya nkhondo ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, dzina lomwe linadzapatsidwa kampu ya ku Mzuzu, ndipo ena anafika mpaka ku Burma. Chipilala chokumbukira asilikali a gulu limeneli chili ku Zomba, ndipo malipenga ndi mganda omwe timavina lero anatengera pelete wa asilikali omwewo. Iwo kalata inkawapeza patapita miyezi, nkhani yake itazizira kale. Ngati mbuzi inabedwa, mlandu unaweruzidwa kalekale. Akuluakulu amene anatiphunzitsa ife usilikali analondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ankatiuza zomwezo, kuti za kumudzi ankazimva akabwera. Sindikunena kuti iwo zinkawayendera bwino, kusamva kanthu nakonso kumapweteka. Koma msilikali wa lero amanyamula mudzi wonse m'thumba la buluku. Chilichonse chochitika ku Ndirande chimamupeza mphindi yomweyo, chikadali chamoto, iye alibe mwendo woti n'kupitako.

Foni ndi yabwino, musandimve molakwa. Kuona nkhope ya mwana wako pa WhatsApp, kumumva akuwerenga a e i o u, kumakupatsa mphamvu ya sabata yathunthu. Vuto ndi zimene ambiri timatumiza. Ndinkakhala pafupi ndi thanki ya madzi pomwe netiweki inkagwira, ndipo mosafuna ndinkamva mbali imodzi ya macheza. “Eya malume, ndamva, fetelezayo ndiona.” “Ayi achimwene, sindinalandire, zimalowa kubanki.” “Mayi, fiziyo ndinatumiza kale kwa alamu.” Munthu amaimba anthu asanu, onse asanu palibe womufunsa kuti wagona bwanji, mapazi aja apola kapena ayi. Msuweni yemwe sanakuyenderepo chilowereni usilikali amapeza nambala yako. Wina amakatenga katapila m'dzina lako, ati mbale wanga ali kumishoni adzabweza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinamva anthu kuno akuwerengera asilikali ndalama zawo mokondwa, kuiwala kuti simenti, malata ndi lendi nazonso zinakwera tsiku lomwelo. Ndalama ya kumishoni ndi imene msilikali wamba amaidalira kuti amange kanyumba koti adzapumiremo. Mwina mwayiwo sudzabweranso. Ikagawidwa isanafike, amabwera n'kupeza njerwa zokha.

Koma zopempha ndalama n'zopepuka poyerekeza ndi zotsina khutu. Tsiku lina madzulo ndinaona mnyamata wanga wina, wokwatira kumene, ataima pathanki paja foni ili kukhutu, akumvetsera uthenga wa mawu. Anaumvetsera, kuubwereza, kuubwerezanso. Sanayankhe. Anaika foni m'thumba n'kupita kukatenga mfuti, poti inali nthawi yake ya gadi. Pomanga lamba wa chipewa manja ankanjenjemera mpaka kulephera kukowetsa. Ndinamuitana, ndinaika wina pamalo pake, tinakakhala pabenchi kuseri kwa jenereta komwe anthu sangamve. Anandipatsa foni osanena kanthu. Anali mlongo wake: “Achimwene, ine sindifuna kukubisirani, alamu anawaona dzulo pakabaza ndi mwamuna wina chakumadzulo, anthu akukamba.” Basi. Wakabaza ndi mwamuna, nanga akanakwera njinga yopanda woyendetsa? Koma muuzeni zimenezo munthu yemwe ali kutali chonchija, sanagone bwino kwa miyezi, ndipo m'manja mwake muli mfuti yodzaza. Tinakhala pamenepo mpaka jenereta inazimitsidwa. M'mawa mwake ndinamuperekeza kwa abusa a gulu lathu, iwo n'kuimbira ankhoswe. Mkaziyo ankachokera ku Queens kukazonda mayi ake aang'ono. Mlongo uja ndikhulupirira kuti ankaona ngati akuthandiza. Sanadziwe kuti usiku umenewo anthu onse ogona m'kampumo akanalonderedwa ndi munthu yemwe mutu wake unali ku Bangwe.

Ndisaiwale amayi otsala. Nawonso ali pamishoni yawo. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku ndi iwo, alandilodi akagogoda ndi iwo, apongozi akabwera kudzafunsa kuti ndalama zikupita kuti ndi iwo, ndipo akangovala chitenje chatsopano mudzi wonse umadziwa komwe chachokera. Sindikuwauza kuti azinamiza amuna awo kuti zonse zili bwino. Msilikali amazindikira mawu obisa kanthu, ndipo zimenezo zimamudya kuposa choonadi. Ndikunena kuti pali nkhani zoti munthu ali kutali angachitepo kanthu, ndi zina zoti sangachitepo kalikonse koma kuvutika nazo. Mpope waphulika, itanani pulambala, mudzamuuze atakonza. Mwakangana ndi alamu anu, ankhoswe alipo. Nkhani ikakhala yaikulu, matenda akayakaya kapena maliro, musaiponye pa WhatsApp pakati pa usiku. Dzerani kukampu komwe amachokera, kaya ku Cobbe, ku Kamuzu kapena ku Moyale, uthenga upite kwa akuluakulu ake ndi abusa, amukhazike pansi, amulande kaye mfuti, amuuze pali anthu. Kwathu kuno uthenga wa maliro sitiukuwira panjira, timafika pakhomo, kukhala pansi, kupereka moni kaye. Chifukwa chiyani tikuiwala mwambo umenewu munthu akakhala kunja?

Inunso atolankhani, ndi achinyamata a pa Facebook amene aliyense wasanduka mtolankhani, ndikupempheni. Kukangomveka kuti ku Congo kwaphulika, m'magulu a WhatsApp mumayamba kuyenda zithunzi, manambala a anthu akufa osiyanasiyana, nthawi zina ndi maina omwe. Mu Januwale muja ndinaziona ndi maso anga m'gulu la kumpingo kwathu, munthu kutumiza chithunzi cha mitembo yosadziwika n'komwe kuti ndi ya dziko liti, pansi n'kulemba kuti tiwapempherere. M'gulu lomwelo muli mayi yemwe mwana wake anali kumeneko. Ndipo musaganize kuti zimathera kuno. Zimabwerera kukampu. Msilikali wamoyo amatsegula foni n'kupeza mauthenga makumi ofunsa ngati ali moyo, mayi ake akomoka kale, iye n'kuyamba ntchito yotonthoza anthu a ku Blantyre ali m'dzenje. Dikirani a nthambi ya chitetezo alengeze, mabanja auzidwe kaye. Kuchedwa ndi maola ochepa sikungagwetse nyuzipepala.

Kuti mumvetse mmene mtima wa msilikali umakhalira kuno thupi lili uko, ndikuuzeni za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ine n'kuti nditapuma kale. Matope atatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, magetsi anazima, mafoni ambiri anathima. Yanga itangoyaka, mauthenga oyamba sanali a abale anga ayi, anali a anyamata omwe ndinawasiya pantchito, ali ku Congo. “Bwana, foni ya madamu sikugwira, ali ku Manja, chonde.” “Mdala, mayi anga amakhala kumtunda kwa msika wa Chilobwe.” Iwo anali ataona kale mavidiyo a madzi akunyamula anthu, ife eniake tisanaone. Ndinavala jombo zanga zakale n'kuyenda wapansi m'mvula muja, kufunsa khomo ndi khomo, m'masukulu momwe anthu anathawira. Mayi aja ndinawapeza m'kalasi atafunda bulangete lonyowa, nyumba itapita koma iwo ali bwino. Ndinawajambulitsa mawu pafoni yanga, anangoti, “Mwanawe ndili moyo, usadandaule, gwira ntchito.” Yankho linabwera nthawi yomweyo, kusonyeza kuti foni inali m'manja usiku wonse. Anali mawu a munthu wamkulu akulira, kumbuyo kukumveka anzake akuombera m'manja.

Akabwera, musamuchingamire ndi mndandanda. Thupi limatsika ndege tsiku limodzi koma tulo timachedwa kufika. Ena amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ena amadzuka 4 koloko n'kumazungulira nyumba, ena amapsa mtima ndi phokoso la ana omwe ankawalakalaka. Ambiri zimatha pakapita masabata. Zikapitirira, kapena mowa ukayamba kuchuluka, mulimbikitseni akaonane ndi achipatala kapena alangizi, si misala ndipo si ufiti wa ku Congo monga ena amanenera.

Anzathu ena akadali ku Beni pansi pa MONUSCO, ndipo magulu apitiriza kusinthana. Ngati muli ndi wanu kumeneko, muimbireni tsiku lina popanda chopempha. Muuzeni kuti chimanga chamera bwanji, ndani wakwatira, Maule asewera bwanji, chiperoni chayamba kapena ayi. Mutumizireni mawu a mwana akuimba nyimbo ya kusukulu. Ponyamuka, m'chikwama mwake muikemo nsinjiro ndi usipa wouma ngati akulola. Ndipo pakakhala nkhani yomwe simukudziwa kuti mumuuze bwanji, funsani msilikali wopuma wa m'dera lanu. Tilipo ambiri ku Chilomoni, ku Ndirande, ku Machinjiri ndi ku Bangwe, ena tikuyang'anira alonda m'mashopu a ku Limbe, ena tili ndi timagolosale, ndipo sitivuta kupeza.

Sajeni wopuma,
Chilomoni, Blantyre